Kodi ahedi angamuchitire chiyani mwana wa mmphawi? Mafunso ndi mayankho a ku Lisungwi

Odutsa pa msewu wa M1 pakati pa Zalewa ndi Balaka amaidziwa Lisungwi ndi kutentha kwake, mitengo ya malambe, matumba a makala ondandalikidwa m'mbali mwa msewu, ndi chipatala chake. Kuseri kwa zimenezi kuli sukulu za pulayimale za m'dera la Mfumu Symon, zodzaza ndi ana a m'makomo odalira maganyu ndi mvula yosapanganika. Boma la Neno, lomwe linapatulidwa ku Mwanza mu 2003, linali ndi anthu opitirira 138,000 pa kalembera wa 2018, ndipo ambiri mwa iwo ndi ana. Mafunso otsatirawa ndi omwe amamveka pa misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi, ena mokweza, ena monong'ona pobwerera kunyumba.

Poti kuno pafupifupi banja lililonse ndi losauka, mwana amene tikuti ndi wovutika kwambiri ndi uti?

Umphawi umaposana. M'kalasi imodzi yomweyo muli mwana amene wadya mkute asananyamuke, ndi wina amene anadya komaliza dzulo masana. Muli mwana wa zaka 13 amene akadali mu sitandade 3, wamtali kuposa anzake onse, wokhala kumbuyo, wosakweza mkono. Muli wamasiye woleredwa ndi agogo. Muli mtsikana woyamba kubadwa amene amatsala pakhomo kulera ang'ono ake tsiku la msika, mnyamata amene amajomba kuti akathandize kufukula makala kapena kudyetsa mbuzi, ndi mwana wakutsidya amene mtsinje wa Lisungwi ukadzaza amatha sabata osaoneka. Muli wosamva bwino amene aphunzitsi amamuyesa wamwano.

Sukulu yongonena kuti "ana athu onse ndi osauka" siwathandiza ana amenewa, chifukwa thandizo likabwera limagwera ochenjera pakamwa ndi okhala kutsogolo. Ntchito yoyamba ya mphunzitsi wamkulu ndi yotopetsa, yopanda ulemerero: kuonetsetsa kuti maina akuitanidwa m'kalasi iliyonse tsiku ndi tsiku, ndipo Lachisanu wina akukhala pansi ndi kaundula kuona amene wajomba masiku atatu motsatizana. Mwana sasiya sukulu tsiku limodzi. Amayamba ndi kujomba Lolemba, kenaka masiku awiri pa sabata, kenaka teremu ina sabweranso. Pakati ponsepo pamakhala mpata woti wina amulondole kwawo.

Aphunzitsi amatumizidwa ndi boma, mabuku amachokera ku unduna, malipiro ahedi sawakhudza. Ndiye mphamvu zawo zili pati?

Zili pa zinthu zomwe sizidikira kalata yochokera ku Lilongwe: ndani aphunzitse kalasi iti, kalasi iti ilowe m'chipinda chiti, ndi momwe maola a tsiku agwirire ntchito.

Taonani momwe zimakhalira m'sukulu zambiri za m'dziko muno. Sitandade 8 imakhala ndi ana ochepa, chipinda chabwino, madesiki, ndi aphunzitsi atatu kapena anayi odziwa ntchito ogawana maphunziro. Sitandade 1 ndi 2, momwe ana amatha kupitirira 100, amasiyiridwa mphunzitsi mmodzi, nthawi zina pansi pa mtengo. Chifukwa chake n'chosabisika. Dzina la sukulu limamveka zotsatira za mayeso a MANEB zikatuluka, ndipo makolo amayeza ahedi ndi chiwerengero cha ana osankhidwa kupita ku sekondale. Koma mwana wa mmphawi weniweni kawirikawiri safika n'komwe mu sitandade 8. Amagwera m'munsi, mu sitandade 2 kapena 4, asanadziwe kuwerenga. Sukulu younjika aphunzitsi ake abwino pamwamba ikutumikira ana omwe apulumuka kale.

Muyezo wa boma ndi ana 60 pa mphunzitsi mmodzi. Sukulu ina, mukawerengera ana onse ndi aphunzitsi onse, siikhala kutali kwenikweni ndi muyezowu. Chokhota ndi kagawidwe ka m'kati. Kuchotsa mphunzitsi mmodzi kumtunda n'kugawa sitandade 1 pawiri sikufuna ngakhale tambala. Kumafuna kulimba mtima, chifukwa aphunzitsi ena amaona kutumizidwa kwa ana aang'ono ngati chilango, ndipo makolo a ana olemba mayeso, omwe amakhalanso olankhula kwambiri pa misonkhano, sachedwa kudandaula.

Amenewa ndi maganizo a wolemba chabe, kapena pali umboni wa m'Malawi muno?

Umboni ulipo. Unduna wa Zamaphunziro, mothandizidwa ndi World Bank, unakonza maphunziro a utsogoleri a aphunzitsi aakulu, achiwiri awo, ndi alangizi a maphunziro a m'mazoni, aja timati a PEA. Maphunzirowa anachitika m'magawo awiri pa zaka ziwiri, ndipo panali maulendo okaona ngati zomwe anthuwo anaphunzira akuzichitadi kusukulu kwawo. Ofufuza anatsatira sukulu 1,198 za m'maboma onse a dziko lino. Zina zinalandira maphunzirowo, zina ayi, ndipo kusankhako kunali kwa mwamaere kuti pasakhale kukondera. Zotsatira zinasindikizidwa mu 2024 ndi Salman Asim, Ravinder Casley Gera, Donna Harris ndi Stefan Dercon.

Anapeza kuti ana a m'sukulu zomwe atsogoleri ake anaphunzitsidwa anakhoza bwinopo mayeso, ngati kuti aphunzira masabata pafupifupi 8 owonjezera, komanso ana ochulukirapo anakwera kalasi. Masabata 8 si zodabwitsa, koma amaposa theka la teremu, ndipo maphunzirowo pawokha sanabweretse njerwa kapena mphunzitsi watsopano.

Chofunika kwambiri m'kafukufukuyu ndi gwero la kusinthako. Ofufuzawo anapeza kuti kwenikweni kunachokera pa chinthu chimodzi: atsogoleri ophunzitsidwawo anayamba kuyendetsa bwino makalasi apadera othandiza ana otsalira m'mbuyo, aja aphunzitsi amangoti remedial.

Makalasi apaderawo akusiyana bwanji ndi maphunziro olipiritsa omwe aphunzitsi ena amachita masana?

Akusiyana pa ndalama ndiponso pa ana olowamo. Maphunziro olipiritsa amatenga ana omwe makolo awo ali nako kangachepe, nthawi zambiri a makalasi olemba mayeso, n'kuwapititsa patsogolo. Makalasi omwe tikunena pano ndi aulere, ndipo amatenga omwe atsala.

Vuto lomwe amachiza ndi ili. Mphunzitsi amatsata buku la kalasi yake. Akakhala mu sitandade 4 amaphunzitsa za sitandade 4, ngakhale ana ambiri omwe ali patsogolo pake sangathe kuwerenga chiganizo cha mu sitandade 2. Mwana wotere amakopera zapabolodi bwinobwino, amayankha pamodzi ndi anzake kalasi ikamayankhira limodzi, ndipo palibe amadziwa kuti sakutolapo kanthu. Akafika mu sitandade 5, momwe maphunziro amayenda m'Chingerezi, amasokonezekeratu. Kutsalirako kwakula zaka zapitazi. Mu 2020 sukulu zinatsekedwa kuyambira mu Malichi kwa miyezi yoposa isanu chifukwa cha Covid-19, ndipo mu Malichi 2023 namondwe Freddy anatseketsanso sukulu m'maboma a kumwera, Neno ali m'gulu lomwelo. Ana ambiri omwe ali m'makalasi apamwamba lero anadutsa m'makalasi oyamba nthawi imeneyo.

Kachitidwe ka makalasi apaderawa si kovuta. Poyamba mwana aliyense amayesedwa payekha kwa mphindi zochepa: kodi amadziwa malembo, maphatikizo, mawu, kapena amatha kuwerenga kankhani? Kenaka ana amaikidwa m'magulu potengera pomwe afika, osati kalasi yomwe ali, ndipo amaphunzitsidwa kuyambira pomwepo. Pakatha masabata angapo amayesedwanso, ndipo yemwe wadziwa amasamukira gulu lina. Njira imeneyi inatchuka ndi bungwe la Pratham ku India. Anzathu a ku Zambia anayamba kuiyesa mu 2016 m'pulogalamu ya Catch Up, ndipo ena mwa maboma oyamba anali Chipata ndi Katete, komwe ana amaphunzira m'chinenero chathu chomwechi.

Gawo la ahedi ndi kupeza ola ndi kuliteteza. Kuno ku Lisungwi nkhani ya ola si yaing'ono. Mwana wanjala, wochokera kutali, sangatsalire masana dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Ngati makalasiwa aikidwa pa nthawi yoti obwera ndi okhawo okhala pafupi ndi omwe adya, ndiye kuti asemphana ndi eni ake. Ana a sitandade 1 ndi 2 amaweruka msanga, choncho aphunzitsi awo ndi zipinda zawo zimapezeka ena asanaweruke. Mtsogoleri wanzeru amayambira pamenepo. Chinanso ndi dzina. Ana akangoyamba kunena kuti iyo ndi kalasi ya mbuli, aakulu msinkhu aja amathawa.

Nanga kubwereza kalasi? Mwana wosadziwa kanthu akwere bwanji?

Makolo ambiri, ngakhale aphunzitsi, amakhulupirira kuti kubwereza kumakhwimitsa mwana. M'pulayimale za m'dziko muno, mwana mmodzi mwa anayi kapena asanu alionse amabwereza chaka chilichonse. Kukanakhala kuti kubwereza kumaphunzitsa, bwenzi tili patsogolo pa maiko ambiri. Chomwe chimachitika n'chakuti mwanayo amamvanso zomwezo, mwa njira yomweyo, m'kalasi yomwe tsopano yadzaza kwambiri chifukwa cha obwereza anzake. Chaka chilichonse chobwereza chimamukulitsa msinkhu, ndipo mtsikana akatha msinkhu ali mu sitandade 4, kapena mnyamata akafika poti angathe kupalasa njinga ya makala mpaka pa Zalewa, sukulu imakhala ikupikisana ndi zinthu zoiposa mphamvu.

Sindikunena kuti ana azingokankhidwa. Ndikunena kuti ahedi asamadziwe mu Julaye, zotsatira zitatuluka, kuti mwana wakuti sawerenga. Adziwe mu Okutobala, chaka cha sukulu chitangoyamba.

Mwana wanjala angaphunzire? Pamenepa ahedi angatani?

Sangathetse njala. Koma teremu yachiwiri imagwa pakati pa Januwale ndi Malichi, nkhokwe zitauma, ndipo izi zimadziwika chaka chisanayambe. Komwe kuli phala, kaya la mabungwe monga Mary's Meals, lomwe linayamba ntchito yake m'dziko muno mu 2002, kaya lochokera m'munda wa sukulu, utsogoleri umaonekera pa tinthu ting'onoting'ono: phala lipse m'mawa ana asanafooke, ufa uziwerengedwa pamaso pa komiti, aang'ono alandire poyamba, ndipo mwana asabwezedwe pa mzere chifukwa alibe kapu kapena sanabweretse nkhuni. Komwe kulibe phala, mtsogoleri angathe kukambirana ndi mafumu za munda wa sukulu, komanso kukumbutsa makomo olandira Mtukula Pakhomo kuti m'ndalamazo muli kagawo kowonjezera ka ana a sukulu.

Sukulu zina zimabweza ana chifukwa cha yunifolomu kapena ndalama za chitukuko. Kodi n'zololedwa?

Ayi. Boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ya ku pulayimale mu 1994, ana anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo yunifolomu inasiya kukhala yokakamiza. Lamulo la maphunziro la 2013 linanenanso kuti mwana aliyense ayenera kukhala pasukulu ya pulayimale. Komabe sukulu zimasowadi ndalama za mlonda, zokonzera mjigo ndi zosindikizira mayeso, ndipo njira yachidule imakhala kuimika ana pa asembule n'kuwauza kuti "bwererani mukatenge". Mwana amene kwawo ndalamayo ilipo amabwerako isanakwane 9 koloko. Amene kwawo kulibe sabwerako, ndipo manyazi oitanidwa dzina pagulu amawasenza yekha. Ngongole ndi ya kholo. Ahedi akambirane ndi kholo kudzera m'komiti ndi kwa anyakwawa, ndipo makomo osowetsetsa akhululukidwe mwakachetechete.

N'chimodzimodzi ndi chilango cha ochedwa. Mwana amene wayenda mtunda wautali, n'kufika phunziro loyamba litayamba, akapatsidwa khasu kuti akalime mpaka nthawi yopuma, wataya masamu ndi Chichewa, maphunziro omwe amafunika kwambiri. Mawa akaona kuti wachedwanso amangokhota panjira.

Za atsikana timamva zambiri. Chenicheni chomwe mphunzitsi wamkulu angachite n'chiyani?

Malamulo alipo kale. Kuyambira mu 1993 mtsikana wotenga pakati amaloledwa kubwerera kusukulu akabereka. Lamulo la maukwati la 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 zinakhazikitsa zaka 18 ngati msinkhu wokwatiwira. Mfumu Yaikulu Kachindamoto ya ku Dedza inaonetsa kuti mafumu akafuna angathetse maukwati a ana mazanamazana n'kuwabwezera m'kalasi.

Koma lamulo limangotsegula chitseko. Mtsikana wobwerera amakumana ndi anzake omutcha "amake mwana", ndipo nthawi zina mphunzitsi amene ndiye amayambitsa nthabwalazo. Ahedi akanena poyera kwa aphunzitsi awo kuti zimenezo pasukulu pano ayi, n'kumulola mtsikanayo kukayamwitsa pa nthawi yopuma ngati kwawo kuli pafupi, amakhazikika. Ahedi akangoti zii, mtsikanayo amatha masabata awiri n'kusowanso.

Gulu la amayi, lija limadziwika kuti mother group, ndi dzanja lalitali la sukulu. Amayiwa amafika m'makomo momwe mphunzitsi sangafike, amamva za ukwati womwe ukukonzedwa usanachitike, amasoka nsalu zogwiritsa ntchito atsikana akakhala kumwezi. Sukulu zina zimawakumbukira pokhapokha kukubwera alendo, kuti adzaimbe ndi kuphika. Mtsogoleri wabwino amawapatsa maina a ana ojomba sabata iliyonse n'kumva zomwe apeza. Chimbudzi cha atsikana chokhala ndi chitseko ndi madzi ndi nkhani ya utsogoleri yomwe.

Pali nkhani ina yomwe anthu amaizemba: mphunzitsi wochita chibwenzi ndi mwana wa sukulu. Ahedi okambirana nkhani yotere m'chipinda n'kuikwirira "kuti mnzathu asataye ntchito" aphwanya ntchito yawo yonse. Malo a nkhaniyo ndi kwa a PEA, ku ofesi ya maphunziro ya boma, kwa oona za chitetezo cha ana ndi kupolisi.

Nanga ana olumala, pomwe sukulu ilibe mphunzitsi wa maphunziro apadera?

Aphunzitsi otere, ophunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu, ndi ochepa, ndipo sukulu zambiri za kumudzi zilibe. Koma kukhazika mwana wachialubino kapena wosaona bwino kutsogolo, kumulola kuvala chipewa, kulemba malembo akuluakulu pabolodi, kuyang'ana mwana wosamva bwino polankhula, zonsezi sizidikira katswiri. Neno ilinso ndi mwayi womwe maboma ena alibe. Bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lakhala likugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo m'bomali kuyambira mu 2007, ndipo lili ndi anthu oyendera makomo m'midzi. Mwana wodwala khunyu, wa mphumu, kapena womwa mankhwala tsiku ndi tsiku angathe kuthandizidwa pa chipatala cha Lisungwi ngati sukulu ndi makolo akulankhulana. Chinsinsi cha matenda a mwana, makamaka HIV, ahedi achisunge ndipo aphunzitsi awo achisungenso.

Ndalama zomwe boma limatumiza kusukulu zimathera kuti?

Sukulu iliyonse ya boma imayenera kulandira ndalama zotukulira sukulu, zija amati SIG, potsatira ndondomeko yomwe aphunzitsi, komiti ya sukulu, makolo ndi mafumu amalemba pamodzi. Ndi zochepa ndipo zimatha kufika mochedwa. Chifukwa cha kuchepako, kusankha kumakhala kowawa: kupenta ofesi kapena kugula makope a ana amasiye, chikwangwani cha pamsewu kapena zitseko za zimbudzi. Zooneka ndi maso zimakopa, chifukwa mlendo amaziona ndipo amayamikira. Ine ndingakonde kuona ofesi yosapenta ndi ana a sitandade 2 ali ndi mabuku m'manja. Ndikutero chifukwa m'sukulu zina mabuku a pulogalamu ya kuwerenga yomwe inayamba mu 2016 amakhala otsekeredwa m'kabati poopa kuti ana awang'amba.

Mtsogoleri wosaopa kanthu amamata papepala pakhoma: talandira zakuti, tagula zakuti, zatsala zakuti. Makolo akaona zimenezo saumira kuumba njerwa kapena kututa mchenga.

Aphunzitsi ena amajomba, ena amafika koma osalowa m'kalasi. Ahedi alibe mphamvu yochotsa munthu ntchito. Atani?

Ayambe ndi iwo eni. Ahedi ofika mochedwa, othera masiku ku misonkhano ndi ku boma, sangafunse wina za nthawi. Kenaka azilowa m'makalasi, osati kukagwira wolakwa, koma kukhala kumbuyo, kumvetsera phunziro, n'kukambirana ndi mphunzitsiyo pambuyo pake pa awiri. Ambiri mwa aphunzitsi a kumudzi ndi achinyamata ochokera kumene ku koleji, otumizidwa kudera lotentha komwe alibe mbale, okhala m'nyumba ya lendi kutali ndi sukulu. Amene wapezeredwa nyumba pafupi mothandizana ndi mafumu, amene amayamikiridwa pamaso pa makolo ana ake akayamba kuwerenga, sathamangira kukapempha kusamutsidwa. Wojomba mwadala, atalangizidwa kawiri katatu, nkhani yake ilembedwe ndipo ipite kwa a PEA. Kumulekerera n'kulanga aphunzitsi olimbikira, chifukwa ndiwo amatsala ndi makalasi awiri.

Tisaiwalenso kuti ambiri mwa ahedi athu anakwezedwa chifukwa anali aphunzitsi abwino kapena okhalitsa, osaphunzitsidwa kutsogolera anzawo. Kafukufuku uja anasonyeza kuti luso limeneli limaphunzitsika, ndipo n'chifukwa chake a PEA ayenera kufika pasukulu ngati alangizi, osati kudzangotenga ziwerengero.

Ine ndine kholo wamba, sindinapite patali ndi sukulu. Ndingadziwe bwanji kuti ahedi athu akugwira ntchito?

Musadikire zotsatira za sitandade 8. Pa msonkhano wotsatira imikani mkono mufunse mwaulemu: Aphunzitsi aakulu, mu sitandade 1 muli ana angati, ndipo aphunzitsi ndi angati? Mu sitandade 3, ndi ana angati omwe sakutha kuwerenga, ndipo akuthandizidwa tsiku liti, nthawi yanji, ndi mphunzitsi uti? Ana omwe analembetsa mu Seputembala koma pano sakubwera ndi angati, ndipo anawalondola ndani? Ndalama za chaka chino zinafika, ndipo zagula chiyani?

Ahedi ogwira ntchito amayankha ndi manambala, mwina n'kutuma mwana kukatenga kaundula mu ofesi. Ena amayankha ndi mavuto a boma, omwe ndi oona ndithu, koma si omwe mwafunsa. Mukabwerera kunyumba, mupatseni mwana wanu wa sitandade 3 buku lake la Chichewa, mutsegule tsamba lomwe sanafikepo m'kalasi, mumuuze awerenge mokweza. Ngakhale inu simudziwa kuwerenga, mudzamva ngati akuwerenga kapena akungoloweza. Akakakamira, pitani kusukulu Lolemba lomwelo mukafunse kuti makalasi a ana otsalira amakumana liti.